Mabotolo Asanu a Bambo a Tomi

Lolemba, 3 Malichi

Tsiku la 41 a K. osagwira ndudu. Wowerenga masiku ndine, chifukwa eni akewo ukawafunsa amati "ikukwana miyezi itatu."

Nyumba yasanduka chipatala. Loweruka ndinangoti ndithamangire ku Oshodi kukagula ulusi ndi mazipi, pobwera ndinapeza tebulo lodyera ladzaza: masirinji, magolovesi, gilisalini, kabotolo ka nikotini kojambulidwa chibade cha munthu, ndi timadzi tonunkhira fodya ndi kasitadi. Pamwamba pa zonsezo mwamuna wanga, Kolapo Adeyanju, amene ntchito yake ndi kuphunzitsa anthu kuyendetsa galimoto, amene sayansi analephera kawiri konse, atavala magalasi anga osokera, akuwerenga madontho lilime lili panja.

Nkhani yake ndi iyi. Chisiyireni ndudu amasuta vepu, chitoliro chawo chamagetsi chija. Madzi amene amathiramo, omveka ngati fodya weniweni, atha kusitolo ya ku Ikeja. Mwini sitolo akuti katundu wagwidwa kudoko ndipo sakudziwa kuti adzatuluka liti. Kwatsala a mango ndi a chingamu, amene a K. akangokoka kawiri amachita nseru. Ndiye apanga okha, mabotolo asanu. Koma madzi opanga wekha sasutidwa tsiku lomwelo, amamveka sopo. Anzawo a gulu la pafoni akuti uwaike mumdima masabata anayi, n'kumawakhutchumula kamodzi patsiku, mpaka atakhwima. Ndiye kuti pa 29 Malichi. Ogula amene atsala nawo sapitirira Lamulungu likubwerali.

Ndati, "Bambo a Tomi, ndiye masabata atatu otsalawo muzisuta chiyani?"

Akuti, "Masabata anayi ndi a anthu a kumayiko ozizira, mayi. Kuno ndi ku Lagos. Ine ndiwafupikitsa, masiku anayi basi."

Munthu wake yemweyu amakhalira kuuza ophunzira ake kuti pang'onopang'ono ndi mtolo.

Ndilembe izi kuti ndisadzadzinamize. Pa 21 Januwale dokotala anationetsa chithunzi cha pachifuwa pawo, akuti pali kamthunzi, sikanafike poipa, koma akapitiriza kusuta tidzaonana kuchipinda china. Ine ndinadwazika apongozi, bambo awo, miyezi isanu ndi itatu. Beseni la magazi ndinkataya ndine m'mawa uliwonse. Tsiku lomwelo la kwa dokotala ndinagwira Baibulo pamaso pa achemwali anga a Remi, n'kulumbira kuti a K. akadzangoyatsa ndudu imodzi, ine ndinyamuka kupita kwa achemwaliwo ku Ibadan, sindidwazikanso munthu wodzipha yekha. Chikwama chachikulu chamizeremizere ndinachiika pamwamba pa wadilopu kuti azichiona akamadzuka.

Dzulo iwo ali kosamba ndinaba botolo limodzi n'kuliika m'chikwama momwemo. Mdima ulimo, ndipo m'nyumba muno palibe amene amayerekeza kuchigwira. Pa 29 ndidzalitulutsa, aone chimene kungokhala chete kumachita. Awerenga mabotolo awo kawiri. "Kodi sanali asanu?" Ndati inu ndi masamu munadana kalekale.

Lachiwiri, 4 Malichi

Njira yoyamba: madzi otentha. Pafoni analemba kuti madzi ofunda, oti chala n'kupirira. A Pulofesa aganiza kuti ngati ofunda amafupikitsa masabata, owira afupikitsa kwambiri. Atenga poto wanga wa mpunga. Ine ndili pakhonde ndikusoka diresi la mayi wina wa kutchalitchi, ndangomva fungo la pulasitiki.

Botolo lapindika ngati nthochi. Madzi ake afiira. Athirabe m'chitoliro, akoka, maso n'kuyamba kutuluka misozi.

"Zili bwanji?"

"Zikubwera."

Zikubwera kuchokera kuti? Atsokomola mpaka Malamu Garba wa paokala kutsidya kwa msewu wadzutsa mutu. Kenako andifotokozera mwaulemu kuti kutentha kukachuluka nikotini amasanduka ngati tsabola pakhosi, ngati kuti amene anawiritsa ndine. Poto wanga ndamutsuka katatu ndi phulusa.

Lachitatu, 5 Malichi

Andadziwakale anamanga nyumba yopanda khomo. Botolo lachiwiri lapita kuntchito lero.

Lachinayi, 6 Malichi

Labwerako. Masiku awiri lili kutsogolo kwa galimoto, pansi pa galasi, padzuwa la mwezi uno loti dzira n'kupsa. Maganizo ake anali akuti dzuwa litenthetse, maenje a mumsewu akhutchumule, ophunzira akamaponda buleki mwadzidzidzi asakanize. Akuti antchito atatu osalipidwa.

Madzi ada bii ngati oyilo wakale. Chitsekerero chinafufuma, theka linatayikira m'timabowo totulukira mphepo, moti galimoto yonse ikununkha kasitadi wopserera. Mtsikana wina wophunzira anawafunsa ngati amagulitsanso makeke.

Otsalawo analawa. Sananene kuti zikubwera. Anangotseka botolo n'kukaliponya kuseri.

Masana anaimba foni achemwali. Moni wake unali wakuti, "Wayamba?" Ndati ayi. Akuti, "Ayamba. Iwe Nike, mwamuna wosuta ali ngati mbuzi ya pamsika, ungaimange bwanji ibwerera ku makoko. Chipinda cha kumbuyo ndachotsamo kale matumba a gari, ufa wa chinangwa uja." A Remi chiwathawireni amuna awo amafuna mkazi aliyense akhale mbeta, tizikadya limodzi amala n'kumatukwana amuna. Ndinaseka nawo, koma nditadula foni mtima unandiwawa. Ndinalumbiriranji pamaso pa munthu amene saiwala kanthu?

Ndinakwera pampando kukakhutchumula botolo langa. Likadali loyera ngati madzi a mpunga.

Lachisanu, 7 Malichi

Lero ndikanapha munthu.

Ndinapita kukapereka zovala ku Ogba. Pobwera ndinagaya tomato, anyezi ndi tsabola mu bulenda monga mwa masiku onse, n'kuthira mumafuta. Supu itayamba kuwira, ndinamva fungo la keke. Ndinanunkhiza poto, ndinanunkhiza mafuta, kenako ndinanunkhiza bulenda. Nditatembenuka ndinawaona ataima pakhomo la khitchini, nkhope ngati mwana amene wakodza pamphasa ya alendo.

"Ndinatsuka, mayi a Tomi. Ndinatsuka ndi sopo."

Akuti pafoni wina amagwiritsa ntchito kamakina kopangira thovu mumkaka, kuti mpweya ulowe, madzi akhwime msanga. Ife kamakina koteroko tilibe, ndiye anaona bulenda. Bulenda yanga imene yagaya tsabola wofiira wa atarodo tsiku ndi tsiku kwa zaka zisanu ndi chimodzi! Tsabola ameneyo analowa mpaka m'mitsempha ya pulasitiki, sopo angamuchotse ndani?

Ndinati, "Kabotolo kanu kaja kajambulidwa chibade, inu n'kukathira mogayira chakudya? Mukufuna Tomi abwere kuchokera kusukulu kumzinda wa Ife adzapeze mitembo iwiri, wina wonunkhira kasitadi?"

Supu yonse ndataya m'ngalande, pamodzi ndi nyama ya mbuzi imene ndinaisunga chiyambire Lachiwiri. Bulenda ndaiponya m'bini.

Koma Mulungu salakwa. Iwo anali atathira kale madzi a mu bulendawo m'chitoliro. Ndili mkati molalata, anakoka kamodzi kuti adzilimbitse mtima. Ndinaona munthu wamkulu wa zaka 49 akudumpha ngati waponda moto, akuthamangira kumpopi, akumwa madzi, akutsuka mphuno, akuitana amayi ake amene anamwalira kalekale. Malamu Garba anawoloka msewu kudzafunsa ngati kwagwa zovuta. Ndinaseka mpaka kukhala pansi, misozi mbwembwembwe, mkwiyo ndi chiseko zonse pamodzi.

Tadya buledi ndi tiyi.

Loweruka, 8 Malichi

Latsala limodzi, mwa kuwerenga kwawo. Ogula aja atsika mpaka pansi penipeni, amachita kupendeketsa botolo kuti sirinji ifikire.

Magetsi anathima chakum'mawa. A K. analiza jenereta, kenako anaima n'kumaiyang'ana mmene imanjenjemerera. Ine nditangoona kaimidwe kake ndinadziwa kuti mzimu wa sayansi watsikanso. Akuti kumayiko ena ali ndi makina onjenjemeretsa madzi, okwera mtengo, pamene ife aliyense ali nawo kuseri kwa nyumba, sitidziwa chabe. Anapempha lamba wa diresi. Ndinawapatsa chidutswa cha nsalu ya ankara, n'kunena kuti amange kutali ndi paipi ya utsi. Anandiyang'ana ngati ndawaphunzitsa kugwira chiwongolero.

Maola atatu. Jenereta inachita ntchito yake, inanjenjemeretsa mpaka mfundo inamasuka, botolo linatsetsereka n'kukagona pa paipi yomweyo. Tinangoona utsi woyera ukukwera kuseri, wonunkhira bwino zedi, kunena zoona. Ana a pa nyumba yoyandikana nayo anabwera kudzafunsa amene akuphika.

Ndinakonzekera mawu anga, abwino kwambiri, okhudza jenereta imene yasiya fodya isanayambe. Koma nditafika kuseriko ndinawapeza atakhala pa chitini cha penti, atagwira chidutswa cha nsalu chija. Sanandione. Ankalankhula okha, "Kolapo, ndiwe chitsiru. Ndiwe chitsiru."

Mawu anga ndinawameza. Ndinabwerera kumakina.

Ndikanatha kukwera pampando nthawi yomweyo n'kuwapatsa botolo lija. Sindinatero. Ndinadziuza kuti silinakhwime, akalawa sopo adzataya mtima. N'zoona ndithu, koma si zokhazo. Ndikufuna tsiku la 29. Ndikufuna ndidzalitulutse lili lofiirira bwino, ndidzaliike patebulo, ndidzanene kuti onani ntchito ya munthu amene sanapite pagulu la pafoni. Sabata yonseyi ndakhala ndikudyerera kulephera kwawo ngati chinangwa chootcha.

Lamulungu, 9 Malichi

Atha.

Kutchalitchi sanaimbe. Potuluka anakalipira mnyamata woimika magalimoto popanda chifukwa. Masana anayesa a mango amene mnzawo anawapatsa, anakoka katatu n'kukasanza. Atafuna chingamu paketi yonse, atafuna mtedza wa kola, atafuna chotokosera m'mano mpaka chasanduka thonje. Mlonda wa pa nyumba yachitatu anadutsa akusuta, ndinaona mphuno ya mwamuna wanga ikumutsatira mpaka pakona.

Ndili ndi mantha. Ndalemba, ndi zimenezo.

Lolemba, 10 Malichi

Ndikulemba dzuwa lili paliwombo, zovala za anthu zili mbwee, sindinasoke kanthu.

M'mawa anatulutsa galimoto, koma m'malo mokhota, anaiimika kutsidya n'kutsika paokala ya Malamu Garba. Ine ndinali pakhonde kuseri kwa nsalu zoyanika. Ndinaona Malamu akupukusa mutu, akuloza kunyumba kuno. A K. analankhulanso. Malamu anatsegula paketi, anasolola imodzi. Inalowa m'thumba la malaya. A K. anatenganso machesi. Sanayang'ane kuno n'komwe.

Masiku 48.

Ndatsitsa chikwama. Ndaikamo nsalu zanga, maduku, masatifiketi a Tomi, sizasi yanga yabwino. Botolo lija ndalipeza pakona pake, layamba kuoneka chikasu pang'ono ngati tiyi wa munthu waumbombo. Ndaliika m'thumba la epuloni, sindikudziwa chifukwa chake.

Ndinaimbira achemwali. Chisangalalo chake! "Ndinanena ine! Kwera basi ya pa Ojota isanakwane folo, ndikuphikira therere la ewedu. Usalire, wamva? Amuna ndi choncho." Ndinati ndidikira abwere kaye, ndiwanunkhize. Akuti, "Ununkhize chiyani, wagula ndudu kuti akaikire maluwa?"

Ndikanawapatsa Loweruka. Lingakhale sopo, lingakhale chiyani. Ndinasunga botolo kuti ndidzapambane mkangano, ndiye ndapambana, chikwama chili pakati pa chipinda.

Lolemba lomweli, dzuwa litapendeka

Anabwera folo isanakwane. Analowa kuchipinda, anaona chikwama pansi, anaona pamwamba pa wadilopu pali mbee. Anakhala pabedi. Ine chiimire pakhomo.

Ndinati, "Bweretsani dzanja." Ndinanunkhiza zala: chiwongolero ndi kola. "Pumani." Anapumira kumaso kwanga ngati mwana. Kola yekhayekha.

Anapisa m'thumba n'kuitulutsa. Yopindika, yonyowa ndi thukuta, kumapeto kwake kotafunidwa ngati nzimbe.

"Ndagula, mayi a Tomi, sindikana. Yakhala pakamwa panga kuchokera ku Agege mpaka ku Maryland. Machesi ndinakhwatchitsa katatu. Wophunzira wanga anachita kundifunsa kuti, bwana, muyatsa kapena muidya?"

"Ndiye simunayatse bwanji?"

"Ndimati ndikayandikitsa moto ndimaona beseni lija la bambo." Kenako akuti, "Koma mawa sindikudziwa. Ndisakunamizeni. Mawa sindikudziwa, Nike."

Dzina langa anali asanalitchule chaka chino.

Ndinatulutsa botolo m'epuloni n'kuliika pabondo pawo. Analiyang'ana, anandiyang'ana.

"Anali asanu!"

"Anali asanu."

"Munandiuza kuti sindidziwa masamu! Ndakhala sabata yonse ndikudziyesa wamisala! Loweruka lija ndili pa chitini, inu muli nalo?"

Ndinati ndinali nalo. Ndinati pepani. Mawu amenewa anatuluka movuta ngati munga wa nsomba, koma anatuluka.

Anathira m'chitoliro, anakoka, anakwinya nkhope yonse.

"Sopo."

"Sopo weniweni?"

"Sopo amene anadutsa pafupi ndi fodya." Anakokanso. Mapewa anatsika pang'ono. "Koma munthu n'kukhala naye moyo."

Ndudu ija inali ikadali pabedi pakati pathu. Anaitola n'kundipatsa. Akuti, "Inu mumatha kusunga zinthu." Ndinaganiza zoithyola, koma okala ili kutsidya kwa msewu pompa, kuthyola imodzi sikutseka okala. Ndinakhuthula zovala zanga zonse pabedi, ndinaponya nduduyo m'chikwama chopanda kanthu, ndinatseka zipi, ndinakwera pampando n'kuchibwezera pamwamba pa wadilopu.

Ndinati, "Tsiku limene mudzaifune, musadzavutitse Malamu. Mudzatsitse nokha chikwamachi, mudzatenge ndudu yanu, chikwamacho mudzandipatse m'manja."

Foni inalira kanayi, achemwali. Ndinawalembera kuti ewedu adye okha. Ayankha kuti wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima, ndipo matumba a gari sawabwezeramo.

Lachiwiri, 11 Malichi

49.

Podzuka anayang'ana pamwamba pa wadilopu nthawi yaitali ndithu, atakhala m'mphepete mwa bedi, sokosi imodzi kuphazi. Ine ndinkachita ngati ndikupinda nsalu. Kenako anavala inayo, anathira sopo wawo wa tsiku la lero m'chitoliro, botolo n'kundisiyira. Galimoto inakhota osaima paokala. Malamu anandikwezera dzanja.

Botolo limodzi, masiku 18 kuti likhwime, ndipo munthu akulisuta kale. Mwina likhoza kufika, akamakoka mosamala. Koma sopo ameneyu adzamupirira mpaka liti? Ndinakhala pamakina n'kumaganiza. Kutentha ayi, taona. Bulenda ayi. Koma kukhutchumula kokha, kopanda moto, pamthunzi, palibe amene ananena kuti kumaononga. Ndipo chopalasira cha makina angawa chimakwera n'kutsika tsiku lonse.

Ndinalikulunga m'kansalu kakuda kuti lisaone kuwala, n'kulimanga pansi pa chopalasira ndi mfundo ya telala, osati ya dzana ija. Ndinamaliza diresi la mayi wa kutchalitchi, masiketi awiri a sukulu, ndi kupinda thalauza. Ntchito inatha cha m'ma leveni. Miyendo sinaime.

Sindinamve galimoto. Anabwerera kudzatenga mafomu amene anaiwala. Ndinangoona mthunzi pakhonde, ataima, akuyang'ana singano ikukwera n'kutsika popanda nsalu, popanda ulusi. Maso anatsikira kumapazi kwanga, pa kamtolo kakuda kaja.

"Mayi a Tomi, mukusoka chiyani?"

Ndinati, "Tengani mafomu anu muzipita, musasokoneze a Pulofesa ali pantchito."

Sanapite. Anakoka kampando, anavula nsapato, akuti ndikatopa ndinene, apalaseko.